Ipyana Analankhulira Pazenera

Ipyana sakhala pansi. Ngakhale pamaliro, amayi anzake atatambalala pamphasa, iye amapeza ndowa yoti akatungire madzi. Amayankhula akuyenda, amadya ataimirira, ndipo akamaseka amaphimba pakamwa chifukwa mano a m'mbali anaguluka. Ndinamudziwa chaka chomwe ndinabwerera ku Karonga kuchokera ku Cape Town, kumene ndinakulira kwa amalume, ndipo tsiku loyamba lomwelo anandipatsa dzina limene lakana kuchoka.

"Iwe mtchona," anatero nditamupatsa moni, "Chinkhonde chakocho unachigula pa kaunjika? Chikukuthina."

Ntchito yanga inali yomasulira. Kunabwera gulu la ofufuza za umoyo kuchokera ku Lilongwe, lofuna kuyesa chithandizo cha anthu okodwa ndi mankhwala oletsa tulo: mirungi, masamba otafuna ochokera ku Tanzania, ndi tiki, timiyala toyera tosuta timene madalaivala ena a malole amabwera nato kuchokera ku Joni. Tiki ndinkamudziwa. Ku Cape Town ndinaona anzanga a kusukulu akuuma ngati nsomba zapathandala. Sindinkayembekezera kumupeza kwathu kuno, pakati pa migwalangwa ndi minda ya mpunga, kumene ndinkaganiza kuti chilichonse chimafika mochedwa.

Ipyana anabadwira ku Hara. Bambo ake anali ndi munda mu sikimu ya mpunga, ndipo ubwana wake unathera pamizere ya m'mundamo, akuingitsa mbalame ndi chitini ndi pakamwa. Amati mawu ake anakulira kumeneko, n'chifukwa chake sadziwa kunong'ona. Anakwatiwa ndi Lyson, mnyamata wa ku Uraha, amene anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku mgodi wa Kayelekera. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa zonse, anthu anavina. Mgodi utaima, Lyson anayamba kuyendetsa lole ya munthu wa ku Mbeya, ndipo tsiku lina loleyo inagubuduzika pamapiri a Chiweta. Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, Pilirani, akuyamwa.

Kuno mwana wa mkazi woperekeredwa ng'ombe ndi wa kuchimuna. Atatha maliro, bambo ake a Lyson, a Mwakibinga, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, anatumiza mawu: mkamwana wawo akhoza kukhala ndi mwanayo ku boma la Karonga, bola asawachititse manyazi. Akadzamva choipa, mwana adzapita ku Uraha.

Ndikuti anatumiza mawu chifukwa awiriwa sanayang'ananepo kumaso chibadwire. Kwa Ankhonde mkamwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Sawatchula dzina, salowa m'nyumba imene iwo alimo, akawaona akubwera panjira amapatukira kutchire nadziphimba chitenje. Mabanja ambiri masiku ano anaufewetsa mwambowu. A Mwakibinga sanaufewetse. Ipyana ankawatchula kuti agogo a Pilirani, ndipo chomwe ankachidziwa pa iwo chinali mawu awo okha, omveka kuseri kwa khoma. Nditamva koyamba ndinaseka. Iye sanaseke nane.

Wamasiye sadya mwambo, choncho anayamba geni. Nthawi yokolola amagula mpunga wa kilombero ku Hara, kuupunthitsa kuchigayo, n'kukwera nawo pamwamba pa lole mpaka ku Lilongwe. Paulendo wotere wogona amadzuka matumba atachepa. Amayi anzake anamuphunzitsa kutafuna mirungi pamodzi ndi chingamu, ndipo kwa zaka zingapo zinkakwanira. Kenako dalaivala wina anamutenthetsera kamwala m'kagalasi ka babu.

"Ndinapita ku Lilongwe, ndinagulitsa, ndinabwerako osaphethira," anandiuza. "Nditafika ndinachapa zovala zonse za m'nyumba, ndi zoyera zomwe. Ndinati uyu ndiye mwamuna amene ndimamufuna."

Mwamunayo anayamba kudya zake. Chakudya chinasiya kulowa, mano anayamba kugwedera, mtima unafupika. Akayesa kusiya, thupi linkagwa ngati thumba lonyowa, n'kugona masiku osadziwa kuti kunja kwacha, ndipo akadzuka chibaba chinkakhala chikumudikira pakhomo. Tsiku lina Pilirani anagwetsa supuni, Ipyana anamukalipira mpaka mawu anasasa. Kuyambira pamenepo mwanayo akamva mapazi a amake ankazembera kugolosale ya Rukaiya, mayi wa ku Mangochi amene amamusunga Ipyana akakhala paulendo. Icho n'chimene chinamubweretsa kwa ofufuza. Palibe anamukoka, palibe anamulalikira.

Wotsogolera kafukufuku anali mayi Zione, munthu wabwino, wogwira ntchito mpaka kuiwala kudya. Anafotokoza malamulo, ine ndikumasulira pamene panafunika. Chithandizo chiyamba mu Juni: mapiritsi oyesera ndi uphungu. Mkodzo uzipimidwa kawirikawiri, ndipo wopezeka ndi mankhwala mobwerezabwereza adzalembedwa kuti walephera n'kuchotsedwa. Lomaliza, aliyense abwere ndi gadiyani wa kubanja, monga zimakhalira kuchipatala. Mayi Zione anati njira ya gadiyani inathandiza kwambiri pa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo panalibe chifukwa choti ilephere apa.

Ipyana anaseka osaphimba n'komwe pakamwa.

"Gadiyani wa kubanja? Makolo anga anafa, alongo anga ali ku Joni. Banja limene ndatsala nalo ndi la ku Uraha. Ndikangouza mmodzi, mawa lake Pilirani wakwera minibasi. Mukufuna ndichire kuti ndichirire ndani?"

Mayi Zione anati malamulo sangawasinthe okha. Koma panali komiti ya anthu a m'boma lino yolangiza kafukufukuyo, ndipo ankafuna kuti mmodzi wa odwala akayankhule pamaso pake. Madalaivala anakana. Anyamata a kago, njinga zonyamula anthu zija, anayang'ana pansi. Ipyana anati apita.

Msonkhano unali Loweruka m'mawa m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale. Tinayenda limodzi kuchokera kumsika, iye patsogolo, ine ndikutsalira ndi thukuta. Tinafika atayamba kale pemphero lotsegulira. Ipyana anaponda sitepe ya pakhomo, kenako anabwerera m'mbuyo ngati waponda khala la moto. Chitenje chimene chinali m'chiuno chinafika kumutu ndisanaone mmene anachimasulira.

"Agogo a Pilirani," anatero. "Ndi amene akupempherawo."

Ndinasuzumira. Bambo wamtali, wa imvi, wa tayi pakutentha konseku, ataimirira kutsogolo maso ali chitsinzinire. Ofufuza anapempha mipingo kuti ipereke akuluakulu odalirika, mpingo wina unapereka iwo. Ipyana analembetsa ndi dzina la bambo ake omubala, choncho panalibe wolumikiza. Ndipo ngakhale akanalumikiza, anthu a ku Lilongwe akanati zili bwino, mpongozi ndi mpongozi wake m'chipinda chimodzi, banja likuthandizana.

Mayi Zione anatuluka, ndinawafotokozera mwachidule. Anagwira pakamwa.

"Pepani kwambiri. Ndiwapemphe atuluke pang'ono?"

"Muwatulutse apongozi chifukwa cha mkamwana?" anatero Ipyana. "Ndipo akafunsa kuti chifukwa chiyani, muwauza kuti chiyani?"

Ine mtima unali utawira kale. Zinthu zotere n'zimene zimandichititsa kuyang'ana mabasi a ku Joni pa depoti. Ndinati, "Asisi, ingolowani. Ndi munthu ngati ife tomwe. Dziko linapita patsogolo, inu mukubisalabe kumbuyo kwa chitenje?"

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lotulukira pachitenjepo.

"Mwambowu ndi wanga, mtchona. Wako unausiya pa boda. Usandiphunzitse kutaya chimene sunanyamulepo."

"Ndiye tiyeni tibwerere. Sanakuoneni. Sadziwa kanthu."

Zinali zoona. Akanabwerera, a Mwakibinga sakanadziwa, Pilirani akanakhala, koma malamulo akanakhalanso momwemo, iye n'kutsala kunja ndi babu lake mpaka tsiku limene nkhani ikanafika yokha ku Uraha. Akanayankhula, mawu ake sakanabisika kwa munthu amene naye ankamudziwa ndi mawu okha. Anaima kanthawi, phazi likugunda pansi monga amachitira. Kenako anazungulira kumbali kwa kalasiyo, kumene kunali zenera lopanda galasi, natsamira khoma pambali pake, nkhope italoza kubwalo la mpira.

"Mayi, kalowani mukawauze kuti wodwala wafika. Iwe mtchona, lero upume. Ndiyankhula Chichewa kuti a ku Lilongwe amve okha."

Ndinaima pakhomo, pamene ndinkatha kuona mkati ndi kunja komwe. Mayi Zione anauza komiti kuti mlendo wawo ayankhulira panja pa zifukwa zake. Anthu anatembenukira kuzenera.

"Mwaghona nonse," mawu analowa ndi moni wa Chinkhonde, aakulu ngati oingitsira mbalame. "Ine ndine amake Pilirani. Ndimagulitsa mpunga. Ndimasuta tiki."

A Mwakibinga anali akutembenuka pamodzi ndi anzawo. Khosi linaima panjira. Pang'onopang'ono anabweza nkhope nayang'ana bolodi, pamene panali masamu a ana a sitandade 4 osafufuta.

"Choyamba, mwati tiyambe mu Juni. Amene anasankha Juni sanagulepo mpunga. Juni ndiye mwezi umene ine ndimapezera chakudya cha chaka chonse. Ndikasiya chinthuchi ndimagona ngati mtembo, sindinganyamule ngakhale lichero. Mukandigoneka mu Juni, mu Okutobala mudzandipeza ndachira, ndilibe ndi mchere womwe. Tiyambitseni mu Januwale, mvula itatseka geni. Nthawi imeneyo ngakhale mutandigoneka mwezi, palibe chindidutse.

"Chachiwiri, kabotolo kanu ka mkodzo. Chaka chatha ndinkasuta tsiku lililonse. Pano ndimasuta ndikakhala pa lole pokha. Ndatsika ndekha, popanda piritsi lanu, ndi mano anga otsalawa. Koma kabotolo kanu kakuti chaka chatha wakuda, chaka chino wakuda. Kabotolo kopusa. Bwanji osandifunsa ngati ndadya? Bwanji osafunsa ngati mwana wanga akuthawabe akamva mapazi anga? Mukandilemba kuti ndalephera n'kundichotsa, mukundibweza kwa ndani? Dalaivala uja sachotsa munthu, inu. Kwa iye palibe wolephera."

Bambo wina wa komiti, wonenepa, amene anakhala akuyetsemula chiyambire msonkhano, anakweza dzanja ngati kuti wa panjayo amuona.

"Mayi, zonsezi n'zambiri. Munthu ukatsimikiza mtima n'kupemphera, umangosiya. Bwanji osangosiya?"

"Bambo amene mwayankhulanu, sindikukuonani, koma ndakumvani mukuyetsemula. Ndi fodya wa m'mphuno ameneyo. Munatsimikiza mtima kangati?"

Kalasi inaphulika. Bamboyo anabweza kabotolo kake ka fodya m'thumba la malaya, nayenso akuseka. Munthu mmodzi yekha sanagwedezeke.

"Za mapiritsi, sindikudziwa muli chiyani, inunso mwati mukuyesa. Chabwino, yeserani pa ine. Koma musandipatse ogonetsa, tulo ndili nato tokwanira mudzi wonse. Ndipatseni choti ndidzuke m'mawa thupi lili langa, ndimve njala ngati munthu. Mukapeza chimenecho, chibaba ndilimbana nacho ndekha.

"Chomaliza ndi gadiyani." Apa mawu anatsika pang'ono. "Mwati wa kubanja. Matenda ena banja limabwera ndi phala. Matenda awa banja limabwera kudzatenga zake. Ndiloleni ndisankhe ndekha. Ndili naye Rukaiya wa pagolosale. Si m'bale wanga, si wa mpingo wanga, si wa kuno n'komwe. Koma ndi amene amandithira madzi kumaso ndikagona mopitirira, ndipo sanauzepo munthu. Ndatha. Ndagha, zikomo."

Sanadikire mafunso. Anadutsa kuseri kwa zimbudzi za ana kuti asadutse pakhomo, napita kumsika. Mkatimo anakambirana mpaka dzuwa kufika pamutu. A Mwakibinga atapemphedwa pemphero lotsekera, anati apemphere wina.

Za gadiyani komiti inavomera tsiku lomwelo. Za Januwale mayi Zione anamenya nkhondo ndi akuluakulu awo mpaka analola gulu lachiwiri loyamba nthawi ya mvula. Kabotolo kanatsala, a kunja amene ankayang'anira kafukufukuyo anakana kukasiya, koma anachotsa zochotsa anthu, nawonjezera mafunso a kudya, kugona ndi za pakhomo. Ndinatumidwa kukamuuza Ipyana zimenezi kunyumba kwake, kuseri kwa chigayo. Ndinapeza wandiyambira mlendo wina.

Anali Anne, mlongo wake wa malemu Lyson, atakhala pampando pakhonde, chikwama chopanda kanthu chili pamiyendo. Ipyana anali akupeta mpunga ataimirira. Pilirani, amene tsopano anali msungwana wa sitandade 5, ankasuzumira pachitseko.

"Mlamu, musandivutitse," Anne ankanena. "Ine ndangotumidwa. Adada akuti mwana akaphunzire ku Uraha. Sukulu iliko yabwino. Mukachira tidzakambirana."

"Mwamwa madzi, mlamu?"

"Ndamwa. Longedzani zovala."

Ipyana anaika lichero pansi, napukuta manja.

"Mwana ndi wawo. Sindikukana, ng'ombe zinalowa m'khola la bambo anga, ndinaziona. Koma Pilirani si thumba la mpunga loti ndipatsire kondakitala. Mukawauze agogo ake abwere okha. Aime pamene mwakhala inupo. Ine chitenje ndichotsa, andiyang'ane m'maso, anene ndi pakamwa pawo kuti sindine mayi. Akatero, ndimulongedzera ndekha, ndi kamba wa panjira yemwe."

Anne anaimirira, chikwama chinagwa.

"Mwapenga? Mukudziwa kuti sangachite zimenezo! Zaka zonsezi asunga ulemu wanu, inu mukufuna muwavule pagulu?"

"Inenso ndasunga wawo. Tsiku lija ndikanatha kulowa. Ndinaima padzuwa ngati mbuzi yogulitsa kuti maso awo asadetsedwe. Ndinawauza zoona ndekha, sanazimve kumsika. Tsopano zatsala kwa iwo."

"Nkhaniyi ipita kwa akuluakulu."

"Ipite. Kumenekonso kuli mazenera."

Anne anatembenukira kwa ine ngati ndingamuthandize. "Achimwene, inu mwaphunzira, auzeni."

"Ameneyo musamufunse," anatero Ipyana, "akadali paulendo, sanafike."

Anne anatola chikwama chake napita kukakwera minibasi. Ipyana anatenganso lichero, koma mpunga unkangotayikira pansi. Pilirani anatuluka nayamba kutola.

A Mwakibinga sanabwere. Sanasiyenso nkhaniyo: anatumanso Anne, kenako mkulu wina wa mpingo, ndipo onse anabwerera ndi yankho lomwelo. Mu Januwale Ipyana anayamba chithandizo. Anagona, anatukwana Rukaiya, anapepesa, anagonanso. Za mapiritsi amati mwina anathandiza, mwina ayi, sanganame. Nthawi yokolola itabweranso anasutako ali pa lole, ndipo anakanena yekha asanamupatse kabotolo. Masaya anayamba kubwerera.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho ku Uraha kunagwa maliro a mng'ono wawo wa a Mwakibinga. Mkamwana sangajombe maliro otere. Ndinakumana naye pa siteji ya minibasi atanyamula thumba la mpunga wa pamaliro, Pilirani ali pambali pake atavala diresi ya kutchalitchi.

"Asisi, mwanayu musiyeni kwa Rukaiya," ndinatero. "Mukupita naye m'manja mwawo. Akangomulowetsa m'nyumba imene inu simungalowe, mutani?"

"Amene wafayo ndi agogo akenso. Akalire."

"Koma mukudziwa chimene angachite."

"Ndimubisirenji? Ndinaba? Wobisa mwana ndi amene akudziwa kuti si woyenera kukhala naye." Anakweza thumba lija pamwamba pa minibasi yekha, kondakitala akungoyang'ana. "Iwe zako n'zothawa basi. Kwera kago uzipita kuntchito."

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Pilirani, chifukwa amake amati panalibe nkhani. Ipyana anatunga madzi, anaphika, anapatukira m'nthochi nthawi iliyonse apongozi ake akamadutsa. Tsiku lobalalika, a Mwakibinga anaitanitsa mdzukulu wawo m'nyumba. Anamufunsa za sukulu, anamuwerengetsa ndime ya m'Baibulo, anamuyang'ana nthawi yaitali. Panja, kuseri kwa khoma, panamveka mawu aja, osakuwa koma osabisika.

"Pilirani! Tsanzika agogo. Minibasi sidikira."

Mwanayo anayang'ana agogo ake. Iwo anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi.

"Amako akuitana," anatero. "Sukumva?"